Mutu 6: Kanyali Komaliza

1. Shedi yopanda soketi

Kamera inamangidwa m'shedi ya matabwa Lolemba pa 3 Juni. Pofika tsikulo n'kuti m'shedimo mutasowa zitini ziwiri za vanishi ndi paketi imodzi ya mahinjesi a zitseko.

Injiniya anali mtsikana wa zaka 16, wa Fomu 3. Dzinalo anamupatsa ndi amalume ake, okonza mafoni ndi mawayilesi, tsiku limene anamasula wotchi ya pakhoma n'kuimanganso. Wotchiyo inayenda, ngakhale tizitsulo tiwiri tinatsala patebulo.

Shopu ya ukalipentala ya bambo ake inali kutsogolo, moyandikana ndi nyumba. Shedi inali kumapeto kwa bwalo, mamita makumi anayi kuchoka pakhomo la khitchini, pafupi ndi geti laling'ono lotulukira kumsewu wakuseri. Magetsi anali asanafikeko. Munalibe soketi ngakhale imodzi.

"Pabokosipa alemba kuti kamera yopanda waya," anatero bambowo, akulitembenuza uku ndi uku. "Nanga kachingwe aka ndi ka chiyani, alamu? Andibera?"

"Sanakubereni," anayankha amalume. "Zimene zimayenda popanda waya ndi zithunzi. Zimadutsa pa netiweki ya m'nyumba mpaka pafoni yanu. Koma njala ili nayo. Ngakhale mbalame youluka imatera kuti itole."

Amalume anabweretsa mabatire awiri a pawabanki, aja otchajira mafoni. Limodzi analikulunga tepi yofiira, linalo tepi yabuluu. Lililonse linali ndi tinyali tinayi tosonyeza moto wotsala. Kamera anaikhomera pamwamba, pamtanda wa denga, itayang'ana chitseko ndi mulu wa matabwa. Kachingwe kanatsika ndi mzati mpaka m'kabokosi kamene anakhoma a Pulena.

A Pulena anali mkulu waimvi amene anagwira ntchito pashopupo zaka 19. Makiyi a shedi analipo atatu: wa bambo, wa a Pulena, ndi wa m'nyumba, amene ankakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha khitchini.

Ntchito yosintha mabatire inagwera Injiniya. Amalume anamuimiritsa pamzati n'kumuuza kuti:

"Tchera khutu, mphwanga. Mabatirewa ndawayesa ndekha, kawiri lililonse. Batire lodzaza limayendetsa kamerayi maola 26. Osati 30, osati 28. N'chifukwa chake uzisintha tsiku lililonse 6:30 m'mawa, usanapite kusukulu. Lina likamagwira ntchito kuno, linzake lizikhala patchaja m'nyumba. Ukasintha, uzilemba pakhadi ili tsiku, nthawi, ndi batire limene waika. Ndiye pali ichi. Tinyaliti usatikhulupirire, makamaka komaliza. Kanyali kamodzi kakhoza kukhala maola asanu ndi limodzi, kakhozanso kukhala mphindi khumi. Kamawala chimodzimodzi mpaka kufa. Iwe uzikhulupirira wotchi. Kamera yozima ndi yoipa kuposa khoma lopanda kanthu, chifukwa anthu amaika mtima pansi poganiza kuti pali diso, pomwe palibe."

"Ndamva, amalume."

"Kumva imamva ndi mbuzi yomwe. Ine ndikufuna kuchita."

Kwa masiku khumi khadi linkadzaza bwino: 6:30, 6:28, 6:31. M'shedi simunasowenso kanthu.

2. Lachisanu pa 14 Juni

Lachinayi poweruka, mnzake wa m'kalasi, amene onse ankamutcha Selefi, anamugwira pamkono.

"Mawa pamasewera ndikujambula ukuthamanga, kuyambira poyambira mpaka pachingwe. Koma foni yanga imakomoka isanakwane 10 koloko. Ubweretse pawabanki."

"Mabatirewo si anga. Ndi a kamera."

"Aa, Injiniya! Onse awiri mukudyetsa matabwa? Matabwa amathamanga mamita 400?"

Atsikana ena anaseka. Injiniya nayenso anaseka, koma sanakane.

Lachisanu 6:25 m'mawa anazula batire labuluu patchaja. Tinyali tonse tinayi tinali kuwala. Anatenga kiyi pamsomali n'kudutsa bwalo.

M'kabokosi, batire lofiira linali litatsala ndi kanyali kamodzi. Linali litagwira ntchito chiyambire 6:30 dzulo lake. Injiniya anawerengera pazala. Tinyali tinayi, maola 24. Kamodzi, maola asanu ndi limodzi. Ndiye kuti mpaka 12:30. Masewera anayenera kutha 12 koloko.

Anatseka kabokosi osasintha kanthu. Kenako anatenga pensulo yomangirira pamsomali n'kulemba pakhadi kuti: 14 Juni, 6:30, labuluu. 

M'khitchini anapeza achimwene ake akumwa tiyi, atavala chipewa chawo chobiriwira chimene sankavula ngakhale pakudya. Iwo anamaliza Fomu 4 chaka chatha ndipo ankangokhala pakhomo. Anayang'ana batire limene Injiniya ankalowetsa m'chikwama.

"Labuluu likupita kusukulu lero? Lalembetsa fomu yanji?"

"Lofiira lidakali ndi moto. Musauze bambo."

"Ine? Ndaona chiyani ine?" anatero achimwene, n'kupitiriza tiyi wawo.

Masewera anayamba 10:15 chifukwa mlendo wolemekezeka anachedwa. Mpikisano wa mamita 400 unachitika 2:40 masana, ndipo Injiniya anakhala wachitatu. Batire labuluu linayenda m'manja mwa atsikana atatu. Selefi anajambula zonse, ngakhale theka la vidiyoyo linali nkhope yake yomwe.

Injiniya anafika kunyumba 4:35, thukuta lili kamukamu. Kiyi anali pamsomali. M'shedi, batire lofiira linali lozizira, lopanda kanyali. Kadiso kobiriwira ka kamera kanali katazima. Analumikiza labuluu, limene linali ndi tinyali titatu, n'kutuluka msanga. Mulu wa matabwa unali wofunditsidwa chipepala chakuda cha pulasitiki monga mwa masiku onse. Sanauyang'ane kawiri.

3. Matabwa asanu ndi limodzi

Loweruka 9 koloko m'mawa, bambo ake anavundukula chipepalacho kuti atenge matabwa a zitseko za kasitomala. Anayenera kukhalapo 14. Anapezapo 8.

"Injiniya! Bwera nayo foni kuno!"

Bambowo sankadziwa kufufuza zithunzi zakale pafoni, choncho ankadalira mwana wawo. A Pulena anabwera kuchokera kushopu, zometa za matabwa zili m'tsitsi, n'kuima pakhomo la shedi.

Injiniya anatsegula tsiku la Lachisanu. Mzere wa zithunzi unayenda bwino mpaka 8:52 m'mawa. Kuchokera pamenepo panali mdima mpaka 4:40 madzulo.

"Apa pakuda chifukwa chiyani?"

"Kamera inazima, bambo."

"Inazima bwanji? Batire sunasinthe?"

Asanayankhe, bambowo anali atafika kale pakhadi. Anawerenga mokweza, chala chili pamzere. "14 Juni, 6:30, labuluu. Mwana anasintha. Batire lodzaza silingafe m'maola awiri. Ndiye kuti wina anazula kachingwe, n'kudzakabwezera asanaweruke."

Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Madala, dzulo ine ndinachoka 8 koloko kukapereka kabati. Ndinabwera 3 koloko. Mayi a ana anali kuntchito. Pashopu munatsala ndinu. Loko sanathyoledwe."

"Ndinakuuzani, abwana, kuti ndipita kukatenga mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi. Ndinachoka 10 koloko, ndinabwera 12. Kushedi kuno sindinapondeko."

"Makiyi ndi atatu. Wanga anali m'thumba mwanga. Wam'nyumba ndi wa m'nyumba, ndipo mwana sangabe m'mbale imene akudyeramo. Watsala wa ndani?"

A Pulena anatembenuka. Anayang'ana Injiniya, osati momuneneza, koma ngati munthu wofunsa njira.

"Mwana wanga, makinawa umawadziwa ndiwe. Sangazime okha?"

Apa ndi pamene Injiniya akanalankhula. Foni inali m'manja mwake, ndipo chithunzi cha 4:40 chinali pansi pa chala chake. Anachikankhira kumbali.

"Sindikudziwa, agogo," anatero, maso ali pansi.

"Kiyi, madala," anatero bambo, atatambasula dzanja. "Sindiitana apolisi chifukwa cha zaka zimene takhala limodzi. Koma ntchito yatha lero."

A Pulena anamasula kiyi pachingwe cha m'khosi n'kumuika m'dzanja la bamboyo.

"Pali chitseko chimene ndachipala mbali imodzi," anatero. "Ndiloleni ndichimalize. Sindinasiyepo ntchito yatheka."

Anabwerera kushopu. Posakhalitsa pulena yawo yopalira matabwa inayamba kulira, shwii, shwii, mosathamanga. Injiniya analowa kuchipinda n'kutseka chitseko, koma phokosolo linamupeza komweko. Chakudya cha masana sanachikhudze.

4. Masekondi makumi anayi

Amalume anafika 2 koloko masana, ataitanidwa kuti aone ngati kamera yawonongeka. Anapempha foni ndi Injiniya, n'kuuza mlamu wawo kuti adikire kushopu.

M'shedi anakhala pathabwa, anavala magalasi, n'kuyamba kuyang'ana tsiku ndi tsiku. Sanafulumire.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Tabwera uone. Ukazula batire n'kuika lina, kamerayi imatenga masekondi makumi anayi kuti idzuke. Ndiye tsiku lililonse 6:30 pamakhala kampata kakuda. Lachiwiri kalipo. Lachitatu kalipo. Lachinayi kalipo. Lachisanu kali kuti?"

Injiniya anafunafuna pafoni, koma kampata ka Lachisanu sanakapeze.

"Tsopano 8:52. Munthu wodzazula kachingwe amayenera kulowa pachitseko, ndipo kamera imayang'ana chitseko. Apa chitseko n'chotseka mpaka chithunzi chomaliza. Kuyambira 6:30 Lachinayi kufika 8:52 Lachisanu ndi maola angati?"

"26, ndi mphindi 22."

"Masamu ukuwadziwa. Nanga 4:40, msana uwu wa malaya amasewera a nambala 12 ndi wa a Pulena?"

Misozi inadontha pafoni. Amalume anaipukuta ndi mkono wa malaya awo n'kuiika pambali.

"Sindikukalipira, mphwanga. Tamvera. Zimene wachita ndi zitatu, ndipo sizilemera mofanana. Kutenga batire kunali kupusa kwa mwana, ndipo tonse tinapusapo. Kulemba bodza pakhadi kunali koipirapo, chifukwa khadi lija ndinalikhoma kuti bambo ako asamavutike kukufunsa. Ankawerenga pensulo yako ngati akumva pakamwa pako. Koma chachitatu ndi chimene chandidula miyendo. Munthu wamkulu anakufunsa pamaso kuti, makinawa sangazime okha? Iwe n'kuti sukudziwa. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Mkulu uja ali ndi zaka 63. Akachoka pano ndi dzina la wakuba, ndani amulembe ntchito? Matabwa amagulidwa ena. Dzina la munthu alibe nalo shopu. Batire likatha timaliika patchaja, mawa ladzaza. Munthu ukamuthera ulemu pamaso pa anthu, palibe soketi imene ungamulumikizepo."

"Bambo andipha, amalume."

"Sakupha. Achita manyazi, ndipo manyazi awo akupweteka kuposa ndodo. Ine sindikanena. Ndikakanena ine, ukhala mwana wogwidwa. Ukakanena wekha, ukhala mwana wolakwa amene wabwerera. Koma imva pulena ija. Ikasiya kulira, mkulu uja anyamula chikwama chake."

Onse awiri anamvetsera. Pulena inalira kawiri, katatu, kenako inasiya.

Injiniya anazula khadi pamsomali n'kutuluka nalo.

5. Pamaso pa a Pulena

Kushopu, chitseko chinali chitatsamira khoma, chosalala mbali zonse. A Pulena anali akukulunga matchizulo awo osemera matabwa m'nsalu yakale. Bambo anali pabenchi, akunamizira kuyeza thabwa limene anali ataliyeza kale.

Injiniya anagwada pazometa za matabwa, pakati pa awiriwo.

"Bambo, zimene zili pakhadili ndi zabodza. Lachisanu sindinasinthe batire. Labuluu ndinapita nalo kumasewera. Lofiira linatha lokha 8:52. Amene anadzalumikiza kamera 4:40 ndine. Palibe anazula kachingwe."

Bambo anaika tepi yoyezera pabenchi. Nkhope yawo inagwa.

"Ndipo m'mawa muja unali chilili, ukundimva ndikutcha munthu wakuba?"

"Inde, bambo."

"Ukundiona ndikumulanda kiyi?"

"Inde."

Bambo anachoka pabenchi. Anapisa m'thumba, anatulutsa kiyi uja, n'kupita naye kwa a Pulena atamugwira ndi manja awiri.

"Madala, ndachimwa. Ndinakhulupirira pensulo ya mwana kuposa zaka 19. Ndikhululukireni."

A Pulena anamaliza kumanga nsalu ya matchizulo. Kiyi sanamulandire. Anayang'ana Injiniya.

"Dzuka, mwana wanga, ungadetse siketi. Iwe unabadwa ine ndili kale pashopu pano. Kampando kako koyamba ndinakhoma ndine, kuchokera ku zidutswa za kabati. Lero m'mawa nditakufunsa, sindimafuna kuti unditeteze. Ndimafuna undiuze zimene makina amachita, chifukwa ine sindiwadziwa. Ine ndimadziwa thabwa. Thabwa likakhala ndi mfundo, umaiona, n'kuizemba. Choopsa ndi thabwa losalala pamwamba, lofumbwa m'kati. Umalikhulupirira, n'kulipanga mwendo wa mpando, munthu n'kugwa nalo. Wabwera wekha, ndipo chimenecho ndachiona. Koma usaganize kuti zatha chifukwa walira. Anyamata a pagalaja yoyandikana nafe anamva zonse m'mawa muja. Pofika madzulo ano nkhani ikhala itafika kwa mkazi wanga. Bodza lako linayenda pagalimoto, choonadi chako chikubwera wapansi. Uyenera kuchiperekeza."

"Ndipita kukawauza ndekha, agogo. Pagalaja ndi kunyumba kwanu komwe."

"Upitedi." Kenako anatembenukira kwa bambo. "Kiyiyo muikeni pabenchi, abwana. Ndikabwera Lolemba, ndidzamutenga. Ndikapanda kubwera, mudzadziwa kuti mtima wanga sunapole."

Ananyamula chikwama chawo n'kutuluka pageti lakutsogolo. Palibe anawaletsa.

Bambo anakhala pansi, manja ali kumaso. Injiniya anali asanawaonepo atatero. Akanakonda akanamumenya.

"Kuyambira mawa," anatero bambo osamuyang'ana, "ukasintha batire uzindiitana ndidzaone ndi maso anga. Khadi lako sindilifunanso. Ndipo tamvetsa, chilichonse chimene ukudziwa pa nkhani ya shedi iyi, sindifunanso kuchimva mochedwa."

"Sindidzabisanso, bambo."

6. Kuseri kwa mulu

Amalume anali akadali m'shedi ndi foni. Injiniya ndi bambo ake atalowa, anawakodola.

"Wakuba akadalipo, alamu. Kamera sinamuone, koma yatisiyira zithunzi ziwiri, cha 8:52 ndi cha 4:40. Tiyeni tione chimene chasintha."

Anaika zithunzizo motsatizana. Pachoyamba, chipepala chakuda chinali chokwera. Pachiwiri chinali chitatsika pang'ono.

"Ndiye kuti matabwa anatuluka pakati pa nthawi ziwirizi," anatero amalume. "Koma taonani apa. Kamera ili pamwamba, imaona kuseri kwa mulu kumene ife sitiona tikaima pansi. M'mawa palibe kanthu. Madzulo pali kanthu aka, pakati pa matabwa ndi khoma. Maso anga akalamba. Injiniya, takulitsa."

Injiniya anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri. Kanthuko kanali kobiriwira, kozungulira, kokhala ndi mlomo kutsogolo.

Anakumbukira kuti m'mawa wa Loweruka lomwelo achimwene ake anamwa tiyi mutu uli pamtunda, opanda chipewa chawo chija.

Kunja kunamveka geti lakuseri likutseguka, ndi likhweru la achimwene akulowa pabwalo.

"Ukuona chiyani?" anafunsa bambo, atawerama paphewa pake. "Nena, mwana wanga. Ndi chiyani chimenecho?"